Rile Yakufa m'Galimoto ya Adokotala

Kwa zaka ziwiri ntchito yanga inali yolephera kukonza galimoto imodzi, ndipo ndinkaigwira mwaluso ndithu. Ndine makaniko. Anthu amanditchula kuti Khutu chifukwa injini ndimaiyeza ndi khutu: ingoilizani ine nditatsinzina, ndikuuzani chimene chikuivuta musanatsegule n'komwe boneti. Dzinali sindinadzipatse ndekha, ndipo sindibisa, ndinkalikonda kuposa limene anandipatsa mayi anga.

Galimotoyo inali ya adokotala a mano, amene pa nthawi ya nkhaniyi anali atapuma kale pa ntchito. Inali ya mipando iwiri basi, yobiriwira ngati botolo, yotsika moti polowa umachita ngati ukukhala m'beseni. Injini inali kumbuyo, ndipo ikalira, agalu a m'nyumba zitatu ankayankha. Anaigula chaka chimene mwana wawo wamkazi anabadwa. Malemu akazi awo ankakonda kunena kuti chaka chimenecho pakhomo panabadwa ana awiri, koma bambo anasankhapo mmodzi. Ankanena akuseka, koma amene tinkawadziwa tinkaona kuti zinkawapweteka.

Ine ndinayamba kuigwira galimotoyo ndili ndi tsitsi lakuda lokhalokha, ndipo kwa zaka makumi atatu panalibe munthu wina amene anaikhudza ndi sipanala. Sinkabwera ku galaja kwanga, ine ndi amene ndinkapita kwawo. Adokotala ankayala thawulo loyera pa benchi n'kundandalika masipanala anga pamenepo, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, monga ankachitira ndi zitsulo zawo zozulira mano. Ndikabweza sipanala pamalo olakwika ankatsokomola. Anali munthu wovuta, wokonda kulamula, wosadziwa kupepesa, koma galimoto ankaidziwa, ndipo ndinkawapatsa ulemu chifukwa cha chimenecho.

Kenako matenda a shuga anawadya maso. Sanachite khungu lenileni. Pakati pa diso ndi pamene panachita mdima, ankangoona za m'mphepete, moti akafuna kukuona ankakuyang'ana chammbali ngati nkhuku. Iwo ankati maso ali bwinobwino, magalasi a masiku ano ndiwo achabechabe. Anapitiriza kuyendetsa mpaka tsiku lina masana anapitirira pamalo owolokera ana asukulu, mayi woimitsa magalimoto atakweza chikwangwani chake m'mwamba. Ana anabalalika. Palibe amene anavulala, koma chikwama cha kamtsikana kena chinakodwa pansi pa galimoto n'kukokedwa mpaka pa mphambano. Adokotala anati mayi wa chikwangwaniyo anaima pamalo olakwika.

Mwana wawo uja, amene tsopano anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya sekondale, anawalanda kiyi. Iwo anatulutsa ina m'chitini cha mabatani. Imeneyonso italandidwa, anaitanitsa munthu wosula makiyi. Aphunzitsi atanena kuti basi galimotoyo igulitsidwe, adokotala anangosiya kudya, n'kusiyanso kudzibaya jakisoni wa shuga. Tsiku lachinayi anawapeza atagwa m'bafa.

Sabata yotsatira aphunzitsi anabwera ku galaja kwanga. Anakula akundiona, ndipo kuyambira ali kamwana ankanditchula kuti amalume ngakhale panalibe ubale uliwonse. Ndinawapatsa mpando koma anakana. Anaima pakati pa matayala akale, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Amalume, ndagwira njakata," anatero. "Ndikaigulitsa galimoto ija, ndawapha ababa. Ndikaisiya, adzapha mwana wa eni. Ndithandizeni."

"Mukufuna ndiiwononge?"

"Ayi. Azikhala nayo, aziipukuta, aziilankhula mmene amachitira muja. Koma isalirenso. Inu muziikonza, koma isamakonzeke."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke.

"Mayi, mukudziwa chimene mukundipempha? Ine galimoto sinandikanikepo chiyambire."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Wina aliyense akalephera, ababa amuthamangitsa tsiku lomwelo n'kuitana wina. Koma mukalephera inu, adikira. Ndilonjezeni, amalume, kuti galimoto imeneyi sidzalira ababa ali pachiwongolero."

Ndinaganiza za chikwama cha kamtsikana chija, pakuti nsalu zake ndinazichotsa ndine pansi pa galimotoyo. Ndinalonjeza. Aphunzitsi anandigwira dzanja momwe linalili ndi girisi, osadikira kuti ndilipukute.

Njira yake inali yophweka mochititsa manyazi. Kumapazi kwa mpando wa wokwera kuli kabokosi kokhala ndi tizipangizo takuda, kalikonse kukula kwake ngati bokosi la machesi. Ife timati marile. Rile imodzi ndi imene imadzutsa pampu ya petulo ukapotoza kiyi. Ikafa, sitata imazungulira bwinobwino, injini imachita ngati ikufuna, koma petulo safika. Ndinachotsa rile yamoyo n'kuikapo yakufa yofanana nayo ndendende. Yakufayo ndinaikanda pamsana ndi msomali kuti ndisamazisokoneze. Yamoyo inkakhala m'thumba la malaya anga, kuseri kwa cholembera.

Loweruka loyamba adokotala ananditumizira uthenga kuti mwana wadwala, ndibwere msanga. Ndinapita, ndinatsinzina, ndinamvetsera sitata ikulira pachabe, kenako ndinakanda pamutu.

"Zikuoneka ngati mapulagi," ndinatero.

"Ngati? Inu aKhutu mumanena ngati kuyambira liti?"

Tinasintha mapulagi. Loweruka linalo ndinati mwina ndi mawaya ake. Umu ndi mmene zinayambira.

Apa ndinene chilungamo. Bodza linali limodzi lokha, la m'thumba lija. Ntchito ina yonse ndinkaigwira ndi mtima wanga wonse, chifukwa manja anga sadziwa kunamizira. Popeza Loweruka lililonse pankafunika chochita, galimotoyo ndinaibadwitsanso. Mapaipi a petulo onse ndinaika atsopano. Mabuleki akale ndinachotsa n'kuika amphamvu, amene anaitanitsidwa kunja n'kutenga miyezi itatu asanafike. Mpopi wa utsi unali utadyedwa ndi dzimbiri, ndinaika wachitsulo chosachita dzimbiri. Mawaya a magetsi ndinawasintha umodziumodzi, adokotala atandigwirira tochi imene ankaunikira nayo pambali penipeni pa pamene ndinkagwira. Chilichonse chatsopano ankachisisita kaye ndi zala chisanalowe m'galimoto. Zala za munthu amene anakhala zaka zonse m'kamwa mwa anthu zimaona kuposa maso, ndipo kangapo anapeza kamng'alu kamene ine sindinakaone.

M'chaka chachiwiri zosintha zinayamba kunditherera, ndiye ndinafika pa waya wa moto, umene umachoka pa chopondera chothamangitsira galimoto kupita ku injini. Wakalewo unali wouma, wofuna mwendo wa munthu wokwiya. Kwa zaka zambiri ndinkawauza adokotala kuti tiusinthe, iwo n'kumakana kuti phazi lawo linauzolowera. Tsopano ndinawanamiza kuti mwina vuto lili pamenepo, ndipo analola. Watsopanowo unali wofewa moti chala chachikulu chokha chinali chokwanira.

Ndinkadziwa kufewa kwake chifukwa ndinkauponda. Injini yongokhala imafa zenizeni, ndipo zimenezo sindikanalola. Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse aphunzitsi ankapita ndi bambo awo ku chipatala cha maso, ine n'kulowa m'galaja ya adokotala ndi kiyi imene aphunzitsiwo anandipatsa. Ndinkaika rile yamoyo, kuiliza injini theka la ola, kuyendetsa mpaka pa geti n'kubwerera. Kenako ndinkabwezera yakufa, kutsegula mazenera kuti utsi utuluke, n'kuchoka injini itazizira. Inkalira mokoma kuposa tsiku limene inachoka ku fakitale. Pa ntchito zonse zimene ndagwirapo, imeneyi ndiyo inali yabwino koposa, ndipo amene ankaimva ndinali ine ndekha ndi agalu.

Chimene sindinachiganizire polonjeza chinali pakamwa pa adokotala. Maso anali atapita koma lilime linali lamoyo, ndipo lamya anali nayo. Anauza anzawo onse opuma pa ntchito, anthu a magalimoto abwino amene ankabwera kwa ine, kuti Khutu wakalamba. Mmodzimmodzi anasiya kubwera. Ku sitolo ya zitsulo za magalimoto, kumene amakaniko timakumana m'mawa, ndikangolowa macheza ankaduka. Tsiku lina mwini sitolo anandifunsa mokweza, ngati akulankhula ndi gonthi, kuti, "Madala, ya adokotala ija yalira?" Onse anaseka mpaka kugwira mimba. Wina anati khutu lija linatsekeka ndi phula, pakufunika kukalitsukitsa. Ine ndinasekanso nawo, dzanja lili pa thumba la malaya. Kunena zoona, zinkandiwawa kwambiri.

Adokotala nawonso anasiya kunena kuti aKhutu. Ndinasanduka "iwe Khutu", munthu wa imvi ngati ine.

Ndinadandaulapo kwa aphunzitsi kamodzi. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Ndikudziwa, amalume. Pepani. Koma onani, ababa akudya, akudzibaya jakisoni, Loweruka amadzuka m'mamawa kuyala thawulo lawo. Ndipo palibe mwana wa munthu amene wagona m'chipatala." Zonsezo zinali zoona.

Zinthu zinatembenuka Lachinayi lina pamene adokotala anandiimbira lamya.

"Iwe Khutu, Loweruka kukubwera munthu wodziwa ntchito. Amati aKompyuta. Ali ndi makina oyezera, sachita zotsinzina zakozo. Afika ikamakwana thwelofu. Ubwere udzaphunzire."

Ndinkamudziwa munthuyo. Anali bambo wa zaka za m'ma makumi anayi amene anatsegula galaja yoyera ngati chipatala, ndipo makasitomala anga ambiri anathawira kwa iyeyo. Nthawi yomweyo ndinaimbira aphunzitsi. Anati Loweruka m'mawa ali ndi msonkhano wa makolo kusukulu, koma ikamakwana leveni adzakhala atafika. Adzamudikira munthuyo kunja kwa geti n'kumutsina khutu asanalowe.

"Inu mukakhalepo, amalume. Chilichonse chikachitika, musaiwale zimene tinapangana."

Loweruka aKompyuta anafika teni koloko, chifukwa ntchito ina imene anali nayo m'mawa inalephereka. Anaimika galimoto yawo kunja, n'kulowa ndi kasutikesi kakuda. Ndinkayembekezera munthu wamatama, ndipo ndikanakonda akanakhala wotero. Koma anandipatsa moni ndi manja awiri.

"Madala, ndamva zambiri za inu. Bambo anga ankabwera ndi galimoto yawo kwa inu."

Anazungulira galimotoyo kufunafuna polumikiza makina awo, koma panalibe. Galimoto imeneyi inapangidwa makompyutawo asanabadwe. Ndinamwetulira chamumtima. Koma munthuyo sanali chitsiru. Anatseka kasutikesi kake, n'kupempha adokotala kuti akhale pachiwongolero ndi kupotoza kiyi pang'ono chabe, osafika pa sitata. Iye anagwada, n'kugunditsa khutu pafupi ndi thanki. Anachita ndendende zimene ndikanachita ine.

"Pampu sikulira," anatero akudzuka. "Mwina yafa, mwina magetsi sakufika. Tiyambe ndi marile. Dikirani ndikatenge choyezera magetsi m'galimoto."

Anatuluka kupita ku geti. Adokotala anatembenuza mutu chammbali kuti andipeze.

"Marile? Zaka ziwiri, iwe Khutu, sunayang'anepo marile?"

Ndakhala ndikuiganizira mphindi imeneyo tsiku ndi tsiku. Njira zinalipo. Ndikanamuthamangira munthu uja kunja n'kumuuza zonse, pakuti ankaoneka wamtima, akanamva. Ndikanagwada pamenepo n'kuwauza adokotala chilungamo, anditukwane atope. Ndikanangokoka waya wina uliwonse kuti nthawi ipite mpaka aphunzitsi afike. Zonsezi ndinkazidziwa, sindinganame kuti mutu unaima. Koma m'makutu mwanga munali kuseka kwa ku sitolo kuja. Ndinkamva kale mmene adzanenere Lolemba m'mawa: Khutu zaka ziwiri, aKompyuta mphindi khumi. Galimoto ilira basi, ndinadziuza, kaya ndifune kaya ndisafune. Ndiye bwanji ailize mlendo, ntchito yonse ili yanga?

Ndinatsegula chitseko cha wokwera n'kugwada. Kusintha rile sikutenga nthawi yoposa kumanga batani. Kenako ndinapita kumbuyo, ndinatsegula pa injini, n'kugogoda chitsulo china ndi sikuludiraiva kuti zimveke ngati ndikuchita kanthu.

"Adokotala, tapotozani."

"Ndipotoze chiyani? Dikira wodziwa ntchito abwere."

"Tapotozani, bwana."

Inalira ulendo woyamba womwewo. Galaja yonse inanjenjemera, masipanala anavina pa thawulo, agalu anayamba kuuwa mbali zonse. AKompyuta anabwera akuthamanga, choyezera chili m'manja, n'kuima pakhomo pakamwa pali pululu.

"Madala! Mwatani?"

"Ndamvetsera," ndinatero.

Munthuyo anavula chipewa. Anayendayenda kumbuyo kwa galimotoyo akumvetsera injini, akupukusa mutu, ndipo anati pa moyo wake sanamvepo injini yakale yolira mosalala chonchi. Anati ine ndine mphunzitsi, iye ndi mwana wasukulu. Sindibisa, zinanditsekemera. Zaka ziwiri za manyazi zinasungunuka pamenepo, ndipo kwa mphindi zingapo sindinakumbukire n'komwe kuti pali munthu wotchedwa aphunzitsi. AKompyuta anatsanzika, anandigwiranso dzanja ndi manja awiri, n'kutuluka atatseka geti.

Nditayang'ana m'galimoto ndinapeza adokotala akulira. Misozi inkangotsika, manja onse ali pa chiwongolero. Apa m'pamene nzeru zinandibwerera. Ndinaganiza kuti akangotsika kukamwa madzi, ndibwezera yakufa ija n'kunena kuti yafanso. Koloko ya pa khoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane leveni.

"Zimitsani kaye, bwana, ndione oilo."

"Oilo ali bwino. Ndikumumva." Anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya. "Mpaka pa geti basi."

"Ayi, adokotala. Aphunzitsi akamva..."

"Aphunzitsiwo ndinabereka ndine. Sindikutuluka pamsewu. Geti ndi lotseka, si choncho? Mpaka pa geti n'kubwerera. Lowani, aKhutu. Ntchito ndi yanu iyi, lowani muimve."

Chaka chathunthu anali asananditchule choncho. Ndinayang'ana njira: mapazi makumi atatu, yowongoka, yasimenti, mbali zonse kapinga, kumapeto geti lachitsulo lotseka. Galimoto inali itayang'ana kale kunja, chifukwa adokotala ankaiimika choncho nthawi zonse. Ndinadziuza kuti ndikhala pambali pawo, dzanja lili pa buleki ya pamanja. Chingachitike n'chiyani pa mapazi makumi atatu? Ndinalowa.

Za waya wa moto uja sindinawauze. Phazi langa linali litauzolowera kale chifukwa cha Malachitatu aja, moti ndinaiwala kuti lawo silinaupondepo injini ikulira.

Analowetsa giya yoyamba mwaulemu, ngati akupereka moni. Kenako phazi lawo linachita zimene linachita kwa zaka makumi atatu ndi mphambu: linaponda mwamphamvu kuti ligonjetse waya wouma umene sunalinso pamenepo. Galimoto inalumpha. Mutu wanga unamenya kumbuyo kwa mpando. Pa nthawi yomweyo kachitseko ka anthu oyenda pansi, kamene kali pakati pa getilo, kanatseguka, ndipo aphunzitsi analowa akuthamanga. Anali atamva injini ali pa ngodya ya msewu. Anakweza manja onse awiri akukuwa, koma mpopi watsopano wa utsi uja unali ndi mawu akulu kuposa awo. Anali ataima pakati penipeni, pamene maso a bambo awo panali mdima.

Ndinakuwa, ndinakoka buleki ya pamanja mpaka kumapeto. Adokotala nawonso anaponda buleki, osadziwa chifukwa chake. Mabuleki anga atsopano anagwira, matayala analira pa simenti, koma njira inali itatha. Geti linalira ngati mgolo wopanda kanthu.

Injini inazima. Agalu okha ndi amene ankamveka.

"Ndagunda geti?" anafunsa adokotala, akupuma mofulumira. "Pepani aKhutu, phazi linaterereka. Ndi geti lokha, eti? Mphuno yaphwanyika kwambiri?"

Amene anayankha anali mawu ochokera kutsogolo kwa boneti, otsika, ngati a kamwana.

"Ababa."

Mwendo wakumanja wa aphunzitsi unali utapanikizika pakati pa galimoto ndi chitsulo cha geti. Tinaikankha galimotoyo m'mbuyo ine ndi anthu oyandikana nawo nyumba amene anabwera atamva phokoso. Adokotala ankakwawa pa simenti akupapasa, kufunafuna nkhope ya mwana wawo, ndipo ataipeza ankangobwereza kuti, "Unaima pati? Unaima pati, mayi?" Kuchipatala anayesetsa masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anaudula m'munsi mwa bondo.

Ndinapita kukawaona patatha sabata, nthawi ya masana yoonera odwala. Ndinazungulira chipatalacho kawiri ndisanalimbe mtima wolowa. Aphunzitsi anali atakhala tsonga pabedi, bulangete litaphwa mbali imodzi. Anali ataonda, koma maso anali omwe aja a mphunzitsi wamkulu. Sanandipatse mpando.

"Rile ija anaipeza ndi munthu uja?" anafunsa.

Ndikanatha kunena kuti inde. Palibe akanatsutsa. Koma bodza linali litanditopetsa.

"Ayi, mayi. Yamoyo ija ndinaika ndine."

"Anakuopsezani?"

"Ayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanalire, sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanandigenda ndi kapu imene inali pambali pawo.

"Ndiye munangofuna kuti anthu adziwe kuti ndinu Khutu," anatero. "Chabwino. Adziwa. Pitani bwino, bambo."

Kuyambira ali ndi zaka zinayi anali asananditchulepo kuti bambo. Ndinatuluka.

Patatha milungu itatu adokotala anandiitanitsa. Ndinawapeza m'galaja, atakhala pa kampando pafupi ndi mphuno yophwanyika ya galimoto. Thawulo loyera linali loyalidwa pa benchi, koma ine sindinatenge sipanala iliyonse. Zovala zinali zitawakulira. Sanatembenuze mutu kuti andione.

"Ndakhala ndikuganiza," anatero. "Mwana wanga sakundiuza kanthu, akungoti zapita. Koma ine mano ndazula ambiri, ndikudziwa kuti dzino silipola chifukwa choligogoda. Munagogoda chitsulo kawiri, galimoto n'kulira. Chinali chiyani?"

Ndinatulutsa rile yakufa ija m'thumba, chifukwa kuchokera tsiku lija ndi imene inkakhala mmenemo. Ndinagwada, ndinazula yamoyo m'galimoto, n'kuwaika zonse ziwiri m'manja. Zala zawo zinayenda pa imodzi, kenako pa inzake, n'kuima pa kachipsera ka msomali.

"Iyi ndi yakufa."

"Inde, bwana."

"Ndi imene inali m'galimoto zaka ziwiri zonsezi."

"Inde."

"Anakutumani ndi mwana wanga?"

"Inde, bwana. Ankaopa kuti mudzagunda munthu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkadikira kuti anditukwane chifukwa cha Maloweruka onse aja, tochi ija, zitsulo zimene ankadikira miyezi. Koma funso lawo linali lina.

"Nanga tsiku lija anakutumani ndani?"

Ndinangoyang'ana pansi. Panali dontho la oilo pa simenti, ndipo ndinaliyang'ana ngati muli yankho. Adokotala anadikira ndithu, kenako anatambasula dzanja.

"Bwezeranimo yakufayi. Yamoyoyi tengani, mupite nayo. Ine ndili ndi mlandu wanga, sindikuukana, phazi linali langa. Koma inu musadzapondenso pakhomo pano."

Ndinaibwezera. Potuluka ndinadutsa pa geti, limene linali lisanawongoledwe, ndipo m'mbali mwa khonde amisiri anali akumanga kanjira kotsetsereka kokwerera njinga ya olumala.

AKompyuta ndi munthu wachilungamo. Za rile sakudziwa kanthu, ndipo zimene anaona anazifalitsa paliponse: kuti galimoto imene inagona zaka ziwiri, madala Khutu anaidzutsa pongomvetsera, iye ali pomwepo ndi makina ake. Za ngoziyo anthu amati ndi tsoka la nkhalamba yosamva zonena. Ku sitolo ya zitsulo tsopano amandipatsa mpando ndikalowa. Makasitomala onse aja anabwerera, n'kubweretsanso anzawo, moti magalimoto amagona pamzere kunja kwa galaja yanga. Aphunzitsi ndinawaonapo kamodzi chapatali, akutsika basi ndi ndodo ziwiri, wothandiza dalaivala atawagwirira chikwama. Ndinabisala kuseri kwa galimoto yoima mpaka anadutsa.

Dzulo kunabwera mkulu wina ndi galimoto yakale yamtengo wapatali, yochokera kutali ndithu. Anatsika akumwetulira, dzanja lili kale patsogolo.

"Ndinu aKhutu? Ndamva kuti inu ndi amene munadzutsa ya adokotala ija."

"Ndine," ndinatero. "Tailizani."

Anailiza, n'kuima pambali akundiyang'anitsitsa, kudikira kuti nditsinzine monga anamvera. Sindinatsinzine. Ndikatseka maso injini ikulira, chimene ndimamva ndi geti lachitsulo, kenako mawu aja akuitana ababa. Masiku ano ndimamvetsera maso ali otsegula.